Mtchona wa ku Shimokitazawa

Tokyo, 17 Novembala 1996

Okondedwa amake Chiharu,

Landirani moni wochokera kuno. Ine ndinafika bwino ndipo thupi lili gwa, kaya inu kumeneko pamodzi ndi amayi? Ndikhulupirira kuti chifuwa chawo chija chalekako. Musasiye kuwapatsa mankhwala chifukwa choti akalipa. Kukalipa n'kwawo, ndinakupeza pamene ndinkalowa pakhomopo.

Ntchito ya chaka chino ndi ya mapaipi a madzi, kukumba ndi kukwirira. Tikugona anayi m'chipinda chimodzi. A Kasai a kutsidya kwa mlatho aja tili nawo, ndipo mkonono wawo sunakalambe. Kapitawo ndi mwana, msinkhu wa Chiharu wathu, koma salalatira anthu.

Tsopano za ntchito ina ija munandituma. Lero ndapita ku Shimokitazawa, kumene mwana wa anansi athu a Mikami akuti anaona munthu wofanana ndi mlongo wanu Mitsugu atasenza thumba la khofi. Pa sitima si patali. Koma amake Chiharu, kumeneko si kofunako munthu. Tinjira take n'topanikizika, galimoto imachita kupempha njira kwa oyenda pansi, ndipo mbali zonse ndi timashopu, tina pansi, tina pamwamba pa tinzake, tina kunsi kwa nthaka. Anthu ake ndi achinyamata okhaokha. Ine ndi jekete langa lakuda lija ndimaoneka ngati ndabwera kudzagwira wakuba.

Ndinayambira pa shopu ya kaunjika. Wogulitsa ndi mtsikana wa tsitsi lobiriwira ngati anyezi wamasamba. Nditaona buluku lina litapachikidwa pakhoma, ndinati ndimuthandize.

"Mwanawe, ili lang'ambika pabondo. Ulichotse anthu asanaone."

"Eya bambo, n'chifukwa chake lakwera mtengo."

"Analing'amba ndani?"

"Mlimi wina wa ku Amereka, kalekale, ine ndisanabadwe."

"Nanga mlimiyo akudziwa kuti mukudyerapo?"

Anaseka mpaka anagwira tebulo. Mtengo wake ndinauwerenga kawiri: kuposa malipiro anga a masiku atatu. Choncho mabuluku anga akale aja musapukutirenso makina opopera mankhwala mpaka ndimvetse bwino nkhaniyi.

Ndinamuonetsa chithunzi cha Mitsugu. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti malaya amene wavalawo akanawagula. Munthuyo sakumudziwa. Zaka khumi ndi zinayi chichokereni Mitsugu pakhomo n'zambiri, ndipo pachithunzipo akadali ndi nkhope ya mwana wasukulu.

Kenako ndinalowa m'nyumba ya khofi. Kapu imodzi mayeni 600! Ndipo sabweretsa msanga. Mnyamata anapera khofiyo ine ndikuona, n'kumadontheza madzi pang'onopang'ono ngati akuthira mankhwala m'diso la mwana. Nditalawa ndinapeza kuti ngowawa ngati wina aliyense. Ndinafunsa kuti nyumba zotere zilipo zingati m'derali. Anati palibe anawerengapo, chifukwa ina ikamatsekedwa ina ikutsegulidwa. Ndiye muone kukula kwa munda umene mwandipatsa kuti ndipalire.

Chipale chofewa chisanagwe mukulunge matsinde a mitengo ya maapozi ing'onoing'ono ija, mbewa zingadye makungwa ngati chaka chatha. Palafini mugule wa migolo iwiri. Amayi musawauze kaye kuti ndikufunafuna mwana wawo. Akafunsa muziti Tokuji akukumba maenje.

Ndine mwamuna wanu,
Tokuji


Tokyo, 8 Disembala 1996

Okondedwa amake Chiharu,

Kalata yanu yafika pamodzi ndi katoni. Maapozi sanaphwanyike ndipo tagawana m'chipinda muno. Ndamva kuti chipale chayamba, ndiponso kuti amayi sakudzukanso okha. Ine ndili bwino, kungoti bondo lija limandipatsa moni m'mawa. Si nkhani.

Ndalama ndatumiza ku positi Lachisanu. Mupatseko mnyamata wa a Mikami kuti azichotsa chipale padenga. Inu musakwereko, ndanena.

Ku Shimokitazawa ndikupita Lamulungu lililonse. Mitsugu sindinamupeze, koma maso anga adya. Kuli shopu yogulitsa mabatani okhaokha. Mabatani a malaya, amake Chiharu! Mwini wake ndi mayi wa magalasi, a Hatsumi, ndipo amawasunga m'timadirowa kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndinaima pakona kuti ndione ngati kubwere munthu. Kunabwera mnyamata wa chipini pamphuno. Anasankha, anasankha, mpaka miyendo yanga inatopa, n'kugula batani limodzi. A Hatsumi analikulunga m'kapepala ngati mphete ya ukwati. Sindinapirire.

"Mayi, pepani kulowerera. Kodi mabataniwa amakudyetsani?"

"Kamodzi patsiku."

"Nanga kawiri kenako?"

"Ndimakadya kwa mnzanga wogulitsa mbale zanyimbo. Iye malaya ake akathothoka amabwera kuno. Inu kwanu simutero?"

Ndinavomera kuti timatero. Ndinagula batani limodzi labuluu, lili m'kalata muno. Musandifunse ntchito yake.

Kwina ndinatsika masitepe kulowa m'nyumba ya khofi ya pansi pa nthaka. Muli zokuzira mawu zazikulu ngati zitseko za nyumba yathu yosungira maapozi. Anthu onse atakhala kuyang'ana kumodzi, maso ali tsinzi, kumvera lipenga. Ine ndinatulutsa chithunzi n'kuyamba kufotokoza. Mwini wake, bambo wamtali wouma, anaika chala pakamwa n'kundilozera chikwangwani: muno salankhula. Tangoganizani, munthu kulipira kuti akhale chete, chinthu chimene kwathu timachita ulere nyengo yonse yozizira. Poti khofi ndinali nditaitanitsa kale, ndinakhala. Ndikuuzeni zoona, ndinagona tulo tokoma timene sindinagonepo chibwerere kuno.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti anthu amenewa sakulemera, koma palibe akuoneka ngati akufuna kuthawa. Aliyense wagwira kanthu kake kamodzi, wina mabuku a mapu okhaokha, wina nyale zakale, wina buledi wa mtundu umodzi amene amatha dzuwa lisanafike pamutu, basi n'kutseka. Shopu ina inalemba pachitseko kuti amatsegula mwini akadzuka bwino. Ndapitapo katatu, sanadzukebe bwino.

Vuto lina ndi pakamwa panga. Ndikalankhula Chitsugaru, Chijapani cha kwathu kumudzi, amandiyankha pang'onopang'ono, ndi manja omwe. Mtsikana wina anandiyamikira kuti Chijapani ndikuchiyesetsa, n'kundifunsa kuti kwathu ndi dziko liti.

A Kasai akundiseka. Dzana akuti, "Iwe Tokuji, mutu wako ukugwira? Mkamwini kumafunafuna mwini munda, ndi ndalama zako zomwe! Akabwera adzati zikomo alamu, makiyi a thirakitala ali pati?" Ndinaseka nawo. Mukudziwa mmene amalankhulira akalawa. Komabe munthu ukamakumba dzenje tsiku lonse mutu umakhala ulibe ntchito, ndiye umatola zilizonse. Tisiye, pepala latha.

Ndine mwamuna wanu,
Tokuji


Tokyo, 29 Disembala 1996

Okondedwa amake Chiharu,

Moni nonse. Ndili moyo. Ndakondwa kumva kuti Chiharu abwera ndi ana kudzadya nanu chaka chatsopano. Ine sindibwera. Akampani akuti malipiro a mwezi uno atuluka mochedwa, ndipo mtengo wa sitima mukuudziwa. Amayi muwauze kuti ntchito yachuluka.

Koma ndili ndi kanthu. Pafupi ndi siteshoni pali kamsika kakale ka malata, kamdima, kotsalira kwa masiku a nkhondo itangotha. Pakati pa ana ogulitsa majekete achikopa pali nkhalamba ina, a Gonda, ogulitsa nsomba zouma. Ndinapita kuti ndigule zoti tidyere chaka. Potembenuka ndinagunda bondo lomwe lija pa bokosi, ndipo panatuluka mawu amene sindingalembe m'kalata yopita kwa mkazi wanga. A Gonda anadzuka pampando.

"Tatukwananinso!"

"Pepani achikulire, chinali chowawa."

"Ayi, tukwanani! Mawu amenewo ndinawamvapo. Wa khofi wa kuseri kwa bafa ya anthu onse uja. Munthu wosalankhula ngati mwala, koma tsiku lina thumba linamugwera paphazi pomwe mwaimapo, anatulutsa omwewo, kamvekedwe komweko."

Ndinatulutsa chithunzi n'kuwapatsa. Anachiika patali, anachibweretsa pafupi.

"Mumuchotse tsitsi lonseli, mumuike ndevu. Mwina."

Ndinapita nthawi yomweyo. Kanjira kake ndinali nditakadutsa kale osaona kanthu, chifukwa palibe chikwangwani. Pachitseko pangopachikidwa ketulo yakale. Ndinapeza potseka, akuti mpaka chaka chilowe. Ndinasuzumira pagalasi: thabwa limodzi lalitali, mipando isanu ndi umodzi, makapu osafanana. Fungo la khofi linalowerera mpaka m'matabwa a chitseko.

Khomo loyandikana nalo ndi la mtsikana wogulitsa maluwa ouma, ozondotsa kudenga, amene ife tikanasesa n'kutentha. Ndinamufunsa dzina la mnansi wake. Anati zaka zonsezi amangomuti Mwinishopu, palibe anaganizapo zofunsa. Ndinafunsa ngati ali ndi mkazi. Anati ali ndi mphaka.

Mwina si iye. Otukwana Chitsugaru mu Tokyo alipo ambiri, theka lawo ndimagona nawo nyumba imodzi. Amayi musawauze.

Mulowe bwino chaka.

Ndine mwamuna wanu,
Tokuji


Tokyo, 19 Januwale 1997

Okondedwa amake Chiharu,

Moni. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso. Malipiro aja atuluka ndipo ndatumiza. Masokosi aubweya ndalandira, zikomo.

Kuno kukuzizira kouma, kopanda chipale, kolowa m'mafupa. Ndapeza shopu ina ya wometa tsitsi amene amagulitsanso mabuku akale. Ukagula buku amakumeta motsika mtengo. Ndametetsa, ndipo tsopano ndili ndi buku la mbalame za ku Okinawa.

Nthawi yodulira yayandikira. A Mikami akadzipereka kuti athandize, muwapatse mitengo ya kumunsi. Ya kumtunda ija musalole munthu aikhudze. Ndinailumikiza ndekha, ndidzadulira ndekha ndikabwera, ngakhale mochedwa.

Za kuseri kwa bafa kuja ndidzakulemberani bwino ndikapeza mpata.

Ndine mwamuna wanu,
Tokuji


Tokyo, 2 Febuluwale 1997

Okondedwa amake Chiharu,

Kalata yanu yaukali ija ndailandira, ndipo ndaiwerenga nditaima. Mwanena zoona: munthu amene wapeza mpata wolemba za mbalame za ku Okinawa sangasowe mpata wolemba za mlamu wake. Ndamvanso kuti adokotala akubwera kawiri pasabata tsopano. Ndiye imvani.

Ndi iyeyo. Ndinamupeza milungu itatu yapitayo.

Ndinalowa masana, muli makasitomala awiri. Kuseri kwa thabwa kunali munthu wadazi, wandevu zaimvi, wowonda, atawerama pa ketulo. Sanadzutse mutu. Ndinakhala pampando wa kumapeto n'kuitanitsa khofi ndi Chijapani cha pa wailesi. Anapera, anadontheza, anaika kapu patsogolo panga. Kenako anakankhira kambale pafupi n'kunena m'chilankhulo chathu, "Shuga ndi uyu, alamu. Ndikudziwa simungamwe wopanda."

Makasitomala aja anatiyang'ana ngati mphaka walankhula. Atatuluka ndinati, "Iwe mtchona iwe, wandizindikira liti?"

"Mwezi watha. Munadutsa apa kawiri ndi jekete limene munavala pa maliro a bambo. Dera lonse likudziwa kuti kwabwera wapolisi wochokera kunja, akufuna mnyamata wa tsitsi lambiri."

"Ndiye osandiitana? Ndamwa khofi wowawa m'nyumba zonse za kuno chifukwa cha iwe!"

"Ndimati muyambe mwalawa wa anzanga kuti mudziwe kusiyana kwake."

Pakamwa pake sipanasinthe. Mano onse alipo. Amagona m'kachipinda ka pamwamba pa shopu. Anayamba ndi kutsuka makapu kwa munthu wina, zaka zisanu ndi ziwiri, kenako anatsegula pake. Kuseri ali ndi makina okazingira khofi, onga kosakanizira simenti kakang'ono. Anandionetsa. Amaima pambali khutu lili tcheru, kudikira kuti nyembazo zithetheke, ndipo nthawi imeneyo ngakhale mutamuuza kuti nyumba ikupsa sangakumveni. Nkhope imene amachita pamenepo ndi ya bambo anu akamayang'ana nthambi asanaidule. Ku munda sindinamuonepo nayo.

Ndinamuuza za amayi, zonse, osachotsera. Ndinamuuza kuti amatchula dzina lake akamadya. Anangopitiriza kupukuta kapu imene inali youma kale.

"Sindingatseke shopu."

"Ya mipando isanu ndi umodziyi?"

"Anthu akapeza chitseko chotseka sabata yathunthu amaphunzira njira ina. Chaka chatsopano ndinatseka poti onse amatseka. Mwini nyumba sadziwa zoti munthu ali ndi amake."

"Mitsugu, ine ndi wamkulu kwa iwe. Usandipatse makoko."

Anaika kapu ija pansi. "Chabwino. Ndikafika, amayi adzandigwira dzanja n'kunena kuti wabwera, munda ndi wako, ndiwe mwana wamwamuna. Ndidzayankha chiyani? Ndikakana, ndawapha kachiwiri. Ndikavomera, nanga inu amene mwathira thukuta pamenepo zaka zonsezi? Ndinachoka ndikuti ndikukagula lamba wa makina. Munthu wotero amabwerera ndi nkhope yanji?"

Amake Chiharu, funso lomwelo ndi limene linandimanga dzanja milungu itatu. Ine ndinabwera pakhomo panu ndi chikwama chimodzi, ndinatenga dzina la kwanu, ndipo mitengo ija ndimaidziwa umodziumodzi. Mawu a a Kasai aja anali atamera mizu. Ndinaganiza kuti ndinamupeza munthu amene angandilande munda, koma ndinapeza munthu amene akuopa kupatsidwa. Tinakhala awiri, wina mbali iyi ya thabwa wina mbali iyo, kuopa chinthu chimodzi.

Ndapitako Lamulungu lililonse kuchokera pamenepo. Sanavomere, koma sakukananso mwamphamvu. Lero anafunsa ngati amayi amakondabe nsomba ya hatahata. Ndipatseni masiku pang'ono. Amayi mukhoza kuwauza kuti mwana wawo ali moyo ndipo amadya.

Ndine mwamuna wanu,
Tokuji


Shimokitazawa, 23 Febuluwale 1997

Okondedwa amake Chiharu,

Moni kwa inu, kwa amayi, ndi kwa mlendo wanu Mitsugu. Kalatayi ikamafika adzakhala atakhala kale pakhomopo masiku angapo, ndiye ndikudziwa kuti wakuuzani za bondo. Inde, kapitawo anandiimitsa ntchito kumayambiriro kwa mwezi. Linatupa mpaka buluku linkakana. Ndimafuna mumve nditachira. Musakalipe, mukalipe ndikabwera, pamaso.

Koma onani mmene zinthu zimayendera. Nditakhala wopanda chochita ndinapita kwa Mitsugu n'kumuuza kuti, "Wati sungatseke. Usatseke. Ndiphunzitse." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti bola asiyire mphaka. Koma m'mawa mwake anandipatsa epuloni.

Milungu iwiri ndakhala mwana wasukulu wa mlamu wanga. "Alamu, kumeneko si kuthirira mbande! Pang'onopang'ono, mozungulira. Mukuthamangira kuti, kukubwera matalala?" Khofi amene ndawononga angadzaze ndowa. Asananyamuke anakazinga wokwanira sabata, n'kulemba pachitseko kuti: Mwini wapita kukaona amake. Khofi wa sabata ino ndi wa mlamu wake, mulipire theka.

Ndikulemba pano nditaima kuseri kwa thabwa. Ndimayesa kuti sikubwera munthu, koma mipando sikuzizira. Akubwera kudzaona wapolisi uja akupanga khofi. A Hatsumi a mabatani amabwera m'mawa uliwonse. Mtsikana wa tsitsi lobiriwira, dzina lake Nozomi, tsopano n'lofiira, akufuna ndimuphunzitse kutukwana kwa kwathu, ine ndikukana. Mnzawo wa a Hatsumi uja, wa mbale zanyimbo, analawa khofi wanga, anatsinzina, n'kuti, "Uyu ndi khofi wa mtima wabwino, koma sukulu sanapite." Ndinamudulira apozi kuti atsukire mkamwa. Tsopano aliyense akufuna apozi.

Chodabwitsa kwambiri ndi bambo wamtali uja wa nyumba yosalankhulamo. Tsiku lake lopuma amabwera kuno, ndipo amake Chiharu, munthu ameneyu ndi wailesi. Wandiuza za akazi ake awiri, za ndulu yake, za mphwake wa ku Nagoya. Ndinamufunsa chifukwa chake amaletsa anzake kulankhula. Anati, "Ndikanalola, ndani akanamva nyimbo? Woyamba kusokoneza ndikanakhala ine."

Ndayamba kumvetsa pang'ono. Munthu akalowa, amakhala pafupi nawe ngati wabwera kwanu. Ukamadontheza madzi aja sungathamange, iyenso sangathamange, ndiye amayamba kukuuza zinthu.

Tsopano mvetserani. Mitsugu mumupatse nsapato zanga za m'chipale. Akafuna kupita kumunda musamuperekeze. Akafuna kudulira, sowo yanga ili pamwamba pa kabati, ndipo mitengo ya kumtunda ija akhoza kuikhudza. Amayi akayamba nkhani ya munda, inu musalowerere kuti munditeteze. Alankhule ndi mwana wawo. Zimene anene ndidzazimva ndikadzazimva.

Kwalowa anthu awiri, ndisiyire pano.

Ndine mwamuna wanu,
Tokuji


Shimokitazawa, 2 Malichi 1997

Okondedwa amake Chiharu,

Moni. Bondo laphwa, ndikuyenda popanda kugwira makoma. Mitsugu anafika bwino dzulo m'mawa, tisanatsegule, ndi katundu yense munamusenzetsa. Shopu anaipeza ili chiimire. Ndinaswa kapu imodzi yokha, ndipo mphaka wanenepa.

Sanalowe kuseri kwa thabwa. Anakhala pampando wa makasitomala n'kuti, "Alamu, khofi." Ndinamupangira pang'onopang'ono. Ananyamula kapu n'kumwa. M'manja mwake munali matuza a sowo.

"Munda ndauona," anatero. "Mitengo ya bambo ndapezamo itatu. Ina yonseyo sindikuidziwa, nayonso sikundidziwa. Ndadulira iwiri, a Mikami anandilanda sowo kuti ndikuwononga za eni."

Kenako anandiuza zimene inu mukuzidziwa kale, kuti atalowa m'chipinda n'kugwada, amayi anamuyang'ana n'kunena kuti, "Tokuji, wabwera? Wawonda bwanji, ku Tokyoko sakukudyetsa?" Akuti inu munayesa kuwauza, iwo anakukalipirani kuti mwamuna wanu simukumudziwa. Ndipo sabata yonse anakhala Tokuji: kuwadyetsa phala, kuwatembenuza, kukalipiridwa chifukwa cha ndevu. Bwanji simunandiimbire foni kundiuza zimenezi?

Koma pali zina zimene simukuzidziwa, chifukwa munali mutatuluka kukaitana takisi. Akuti potsanzika, amayi anamugwira dzanja mwamphamvu n'kumukokera pafupi. Anati, "Tokuji, ukubwerera ku Tokyo? Ukakamuona Mitsugu ukamuuze mawu anga." Ndipo anamupatsa uthenga.

Ndinati, "Ndiye waumva kale, mwini wake ndiwe."

Anapukusa mutu. "Ayi. Anatuma Tokuji. Ine ndangounyamula kuchokera kumudzi kudzakupatsani. Ndikuuzani, kenako inu mundiuze."

Ndinayesa kuti ndi nthabwala zake zija, koma nkhope yake sinali ya nthabwala. Anandinong'oneza mawuwo ngati muli anthu ena, chonsecho tinali awiri. Kenako anakhala mowongoka, manja pamaondo, kudikira.

Ndinavula epuloni. Ndinazungulira thabwa n'kukaima patsogolo pake, ndipo ndinanena m'chilankhulo chathu, mmene akananenera iwo:

"Mitsugu, akuti amayi ako: ndakudikira mokwanira, tsopano ndikufuna kugona. Usadziimbe mlandu. Munda uli ndi wousamala, ine ndili ndi wondisamala. Chimene ukuchita kumeneko, ngati n'chabwino, uchichite bwino. Ndipo uzivala zofunda, unabadwa ndi chifuwa."

Anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda maondo, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana kudenga, poti kumeneko n'kumene kunalibe nkhope ya munthu. Panja a Hatsumi anafika, anasuzumira pagalasi, n'kubwerera mwakachetechete.

Atadzuka anapukuta kumaso ndi epuloni yanga ija n'kuimanga m'chiuno mwake. Anati, "Alamu, mukawauze kuti mwandipeza, ndipo ndamva."

Choncho ntchito ya mapaipi sindibwererako. Katundu wanga a Kasai adzabwera naye. Ndakagula tikiti, ndifika Lachinayi ndi sitima ya masana. Musavutike kudzandichingamira, ndidzakwera basi.

Muwauze amayi kuti Tokuji ali m'njira ndipo wanyamula yankho. Muwauze kawiri, mokweza, ku khutu lakumanja. Asagone ndisanafike.

Ndine mwamuna wanu,
Tokuji